Momwe mungamasukire ku funso loti "anthu adzati chiyani?"

Mnzanga wina anakongola ndalama za katapila kuti agule suti yovala paukwati wa msuweni wake. Sutiyo anaivala tsiku limodzi, ngongole anaibweza miyezi inayi. Nditamufunsa chomwe anadzizunzira chonchi, anangoti, "Aise, ndikanapita ndi jekete lakale lija anthu akanati chiyani?"

Funso limeneli si la kwathu kokha. Ku China, zaka zoposa 2,300 zapitazo, kunali munthu wotchedwa Zhuangzi yemwe ankaseka kwambiri ukapolo wa mtunduwu. Iye ndi wanzeru wina wakale wotchedwa Laozi ndiwo mizati ya nzeru za Tao, liwu lotanthauza "njira". Masitepe ali m'munsiwa ndawatola m'nthano zake.

Choyamba: werengerani mtengo wa ulemu umene mukuufunawo

Tsiku lina Zhuangzi akuwedza mumtsinje wa Pu, kunabwera nduna ziwiri za mfumu ya dziko la Chu kudzamupatsa udindo waukulu. Iye sanacheuke n'komwe. Anazifunsa za kamba wopatulika amene anafa zaka 3,000 m'mbuyomo, yemwe mfumu inkamusunga m'bokosi atamukulunga nsalu. Kodi kambayo akanasankha chiyani, kufa n'kumalemekezedwa kapena kukhala moyo akukoka mchira m'matope? Ndunazo zinati akanasankha matope. "Basi pitani," anatero, "inenso ndizikoka mchira wanga m'matope."

Inu tengani pepala. Lembani zinthu zitatu zimene mwachita mwezi uno chifukwa cha maso a anthu okha, ndipo pambali pa chilichonse mulembe chimene chakudyerani: ndalama zingati, tulo ta masiku angati. Ena mudzaona kuti yunifolomu ya chitenje ya pa bridal shower yadya fizi ya mwana.

Chachiwiri: mawu obaya muziwaona ngati bwato lopanda munthu

Zhuangzi anati munthu akamawoloka mtsinje, bwato lopanda munthu n'kugunda lake, sakwiya ngakhale atakhala wa mtima wapachala. Koma akangoona kuti mkati muli munthu, amayamba kukuwa ndi kutukwana. Kugunda n'kofanana, chasintha ndi maganizo ake.

Azakhali akafunsa kuti "Nanga iwe ukwatiwa liti?", kawirikawiri akungobwereza zimene iwonso anafunsidwa kale. Sekani, afunseni za kumunda. Uthenga wokupsetsani mtima pagulu la WhatsApp la pachibale musauyankhe usiku womwewo, uyambe wagona.

Chachitatu: funani pamfundo, musadule fupa

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti kumasuka ndiko kukana aliyense n'kudzitsekera m'nyumba. Ayi. Kali kokha n'kanyama, ndipo tsiku la tsoka mudzawafuna abale omwewo.

Pali nthano ya wophika wotchedwa Ding amene ankasenda ndi kudula ng'ombe za mfumu. Iye anati wophika wamba amasintha mpeni mwezi uliwonse chifukwa amatema mafupa, wodziwako amasintha pachaka, koma wake unali utatha zaka 19 ukadali wakuthwa ngati wongonola kumene. Chinsinsi chake? Ankalowetsa mpeni m'mipata ya pamfundo, ndipo akafika povuta ankachepetsa liwiro n'kuyang'anitsitsa. Izi ndi zimene a Tao amati wu wei, kuchita zinthu mosakakamiza. Si ulesi monga ena amamasulira.

Pachibale paponso mipata ilipo. Ngati pakufunika zopereka za chinkhoswe ndipo thumba lanu laphwa, musadikire msonkhano kuti mukakane pagulu, uko ndiye kutema fupa. Pitani msanga kwa amene mawu awo amamveka, muwaone paseri: "Malume, ine ndikwanitsa thumba limodzi la chimanga ndi manja angawa, kuposa apo ndinama." Nenani kamodzi, mwaulemu, osachulutsa zifukwa. Munthu akachulutsa zifukwa amakhala ngati akuitanira anthu kuti atsutse chimodzichimodzi. Tsikulo likafika lawirirani, muwaze nkhuni, musenze mipando. Palibe adzanene kuti munathawa.

Chachinayi: musamaonetse zonse

M'nthano ina, kalipentala anadutsa mtengo waukulu osauyang'ana, nati matabwa ake ndi opanda ntchito. Usiku mtengowo unamuyankha kutulo kuti kupanda ntchitoko ndiye kunaupulumutsa ku nkhwangwa. Mukagula njinga yamoto kapena mukakwezedwa pantchito, sikuti Facebook yonse idziwe tsiku lomwelo.

Chachisanu: khalani chete mphindi 15

A Tao ankati "kukhala pansi n'kuiwala". M'mawa anthu asanadzuke, foni ili kuchipinda, khalani pakhonde. Maganizo a zimene akuti anena abwera ndithu. Alekeni adutse, inu muzingomvetsera kupuma kwanu. Masiku oyamba mudzaona ngati mukutaya nthawi.

Chenjezo limodzi lokha. Mkazi wa Zhuangzi atamwalira, mnzake Huizi anapita kukapepesa ndipo anamupeza atakhala pansi, akuwomba beseni ngati ng'oma uku akuimba. Zhuangzi anafotokoza kuti poyamba analira, kenako anazindikira kuti imfa ili ngati kusintha kwa nyengo. Imeneyo yokha musakayesere pasiwa pa kwanu. Akakuitanitsani kwa amfumu ine ndidzakana kuti sindikukudziwani.