Kupinda matumba a jinzi pa mashini a sitimu, kwa inu amene mwangoyikidwapo kumene

Tsiku limene supavayiza anandichotsa pa tebulo lodula ulusi nkundiyimika pa mashini opinda matumba anangondiuza mawu atatu, yika, dina, chotsa, basi iye ulendo. Inali fakitale ya CMT ku Durban, zija zimangodula, kusoka ndi kumalizitsa zovala za eni ake ena, a Malawi timapezekamo ndithu mmalo amenewa. Pofika 10 koloko ndinali nditapinda bandulo yonse, ndikuona ngati ndatha ntchito, koma itafika kwa mayi wosokerera matumba pa thalauza onse anali atatseguka ngati masamba a chayina ofota, anandibwezera yonse osalankhula kanthu, kungondiyang'ana. Nde ndati ndilembe zimene ndinadzadziwa pambuyo pake kuti mwina wina asadutse momwemo.

Choyamba dziwani chimene mashini awa akuchita. Thumba lakumbuyo kwa jinzi limabwera kuchoka kodula lili chabe kansalu kafulati, pamwamba pake atapenderera kale ndipo ngati pali zokongoletsa zija za ulusi amakhala asokeratu. Ntchito yanu nkupinda mbali zotsalazo, kawirikawiri sentimita imodzi mozungulira, kuti wosoka angoliyika pa thalauza nkuyendetsa singano osalimbana nalo. Pa mashini pali chikombole chachitsulo chooneka ndendende ngati thumbalo, azungu ake amati template koma ife timangoti chikombole ngati cha njerwa. Mumayala nsalu kumaso kwake kuli pansi, kambale kopyapyala kamatsika nkuyipanikiza, kenako tizitsulo tammbali totchedwa masilayida timakankha mmphepete monse kuti mupindikire pamwamba pa kambaleko, apo nde kumabwera sitimu, nthunzi yotentha ija, mbale yotentha nkudinda, pomaliza vakyumu nkukoka chinyezi. Zonsezi zimatha mmasekondi ochepa. Mashini ena alibe sitimu amangodalira moto wa hita, ena ali ndi malo awiri kuti pamene uku likupsa uku mukuyala lina, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Nzeru yake nayi, ndipo mukaigwira iyi zina zonse nzophweka. Amene munaonapo agogo akuluka mkeka kapena dengu mukudziwa kuti mlaza wouma saupinda, umathyoka kapena kubwerera, amayamba aunyika kaye kuti ufewe, akaluka nkuuma umakhala momwemo mpaka kalekale. Thonje nalo ndi choncho. Sitimu imafewetsa ulusi, mbale imaugoneka pamene mukufuna, koma chimene chimamanga mzerewo kuti usabwerere ndi kuuma ndi kuzizira. Ine tsiku lija ndinkachotsa matumba vakyumu isanamalize poti ndinkathamangira tageti, nkumawaunjika ali ofunda ndi achinyezi, ndiye amangotseguka okha mu bandulomo. Anthu ambiri thumba likakana amathamangira kukweza moto, pamene vuto ndi loti silinaume.

Mmawa musafike nkuyamba kudina. Yambani ndi mpweya, chifukwa zonse zoyenda pa mashiniwa zimakankhidwa ndi mpweya wa kompulesa. Chakumbali kuli kabotolo koonekera mkati kamene kamasefa madzi a mu mpweya, katseguleni kunsi madzi atuluke, ku Durban ndi chinyontho chake chija mumapezamo madzi tsiku ndi tsiku makamaka nyengo yotentha. Mukasiya, madziwo amalowa mmasilinda okankha masilayida ndi mmavalavu, mashini nkuyamba kuyenda modukiza ngati munthu wodwala nyamakazi, silayida ina kufika mochedwa kuposa inzake. Geji ya mpweya ikhale pa 5 kapena 6 bar, kapena pamene palembedwa pa kachitsulo ka mashini anuwo. Kenako yatsani hita muipatse nthawi, nambala ya pa sikirini ikafika dikiranibe pang'ono kuti chitsulo chonse chitenthe mofanana, osati pomwe pali sensa pokha.

Tsono sitimu. Apa ndi pamene pamagona nkhani. Usiku wonse mapaipi azizira ndiye sitimu yomwe inatsalamo yasanduka madzi. Mukatsegula valavu mwamphamvu kamodzi madzi aja amakankhidwa nkukamenya pokhota paipi, mumamva gu! gu! ngati wina akumenya ndi hamala, ndipo zimenezo zimamasula majoini, pena kuphulitsa kumene. Tsegulani pang'onopang'ono, paipi iyambe yafunda. Ndiye tengani zidutswa zansalu zotaya, dinani kasanu kakhumi mpaka zisiye kutuluka ndi madontho. Sitimu yabwino ndi youma, pamene ikutulukira penipeni simuiona, imadzayamba kuoneka yoyera patsogolo pang'ono. Ikamatuluka ngati chifunga cha pa Dedza, ikulavula, dziwani kuti ndi yonyowa ndipo idzakunyowetserani matumba mmalo mowafewetsa. Pulesha ya boyila, thanki yowiritsa madzi kuti pakhale sitimu, imayenderana ndi kutentha kwa sitimu, pa 3 bar sitimu imakhala cha pa madigiri 143, pa 5 bar cha pa 159, ndiye mukaona geji ya boyila yagwa chifukwa anthu a mashini ositira onse atsegula nthawi imodzi, musadabwe kuti matumba asintha khalidwe. Imani kaye ikwere.

Za moto wa mbale, palibe nambala imodzi ya nsalu zonse, ndipo amene angakuuzeni kuti ilipo akukunamizani. Poyambira pabwino ndi timadontho tija ta pa lebulo ya chovala, pa kachizindikiro ka ayironi. Kadontho kamodzi ndi cha pa madigiri 110, tiwiri cha pa 150, titatu cha pa 200, ndipo amenewo ndi malire osadutsa osati poyambira. Jinzi ya kotoni yeniyeni yolemera ija ine ndimayambira cha pa 160 nkumakweza pang'onopang'ono ngati mzere sukugwira. Jinzi yotamuka, ya stretch, ili ndi timaulusi tonga labala totchedwa elastane ndipo timeneti sitigwirizana ndi moto wambiri, thumba limatha kufupika kapena kukwinyika mmphepete, ndiye tsitsani moto muwonjezere nthawi ya vakyumu. Nsalu za yunifomu zosakaniza poliyesita ndi kotoni nazo musapyole pa 150. Poliyesita imasungunuka cha mma 250 uko, koma kutali isanafike pamenepo imakhala itayamba kale kunyezimira, ndipo kunyezimira kwa poliyesita kukalowa kwalowa, sikuchoka ngakhale muchape.

Pa nthawi, sitimu sifunika yambiri ayi, sekondi imodzi kapena awiri kwa nsalu zambiri zakwana, kudinda masekondi angapo, kenako vakyumu. Mukamasintha sinthani chinthu chimodzi basi nkuyesa, osati moto, nthawi ndi pulesha zonse pakamodzi, mapeto ake simudziwa chimene chakonza kapena chimene chawononga. Mukapeza pabwino lembani pa kapepala ka masking tape mumate pa mashini, dzina la sitayilo ndi manambala ake, mawa a shifiti ina akasokoneza mungobwezeretsa.

Kayesedwe kake nkosavuta. Pindani matumba atatu ndi nsalu yomweyo ya oda osati ina yofanana nayo, muwasiye azizire kaye, kenako kutumulani limodzi ngati mukukutumula mpango. Mmphepete mukangodzuka, silinagwire. Ligunditseni kuseri kwa dzanja kapena pa tsaya, likamveka lozizira monyowa wonjezerani vakyumu. Kenako liyikeni pa patani ya katoni muone ngati kukula kwake kuli komweko, ndipo awiriwo muwagundanitse kumaso ndi kumaso muone ngati akulingana. Masitayilo ena thumba la kumanja ndi la kumanzere nzosiyana, mbali imodzi imakhala yopendekera, ndiye onetsetsani kuti chikombole ndi cholondola komanso cha saizi yomwe ili pa tikiti ya bandulo. Ndinaonapo mnzanga akupinda matumba a saizi yaing'ono pa chikombole chachikulu mmawa wonse, mopindamo munangotsala kanthu kochepa ndipo singano inkangodutsa pambali.

Poyala, m'pendero wa pamwamba ugunde kachitsulo koimitsira, ndipo yang'anani kuti nsalu yotsala kumanja ndi kumanzere ikhale yofanana. Musaikoke, makamaka yotamuka ija, ingoigonekani. Mukaona kuti mwayala bwino koma mbali imodzi ikutulukabe yopyapyala, yezani zidutswazo, nthawi zambiri zimakhala kuti odula anaphonya, mpeni umapendeka ukamadula mulu wautali ndiye za pansi sizifanana ndi za pamwamba. Zikatero kanenereni msanga, mukangokhala chete lijekiti imalembedwa pa dzina lanu.

Makona ndi amene amaonetsa ngati mashini ali bwino. Kona ya kunsi kosongoka kuja ikamatuluka ndi kakhutu, ndiye kuti masilayida sakulowa motsatana bwino, pali imene imayenera kuyamba inzake nkubwera pamwamba. Izi zimakonzedwa pa timavalavu tochepetsa mpweya tili pa silinda iliyonse, koma ngati simunaonetsedwepo itanani makaniki, mukapotokola kolakwika silayida imamenya kambale nkukapinda, ndipo kambale kopindika sikawongokanso bwinobwino. Mpata wa pakati pa silayida ndi kambale nawo uyenera kulingana ndi kukhuthala kwa nsalu, mukachoka pa jinzi kupita pa nsalu ya shati osasintha, mzere umatuluka wobulungira osati wakuthwa.

Madontho oyera a madzi ndi sitimu yonyowa, ndipo akamapitirira tsiku lonse ngakhale munatulutsa madzi mmawa, uzani makaniki aone steam trap, kachipangizo kamene kamataya madzi a mu paipi nkusunga sitimu, kakatsekeka ndi zinyalala madzi amabwera onse kwa inu. Madontho ofiirira ndi dzimbiri kapena zoyanga za mu boyila. Komanso utoto wa jinzi, indigo, sulowerera mkati mwa ulusi umangokhala pamwamba nchifukwa chake umasuluka, ndiye umatsalira pa mbale ndi pa masilayida. Mukangochoka pa jinzi ya buluu nkuyika thumba loyera osapukuta, mulira. Pukutani mashini atazizirako ndi kansalu, osapala ndi mpeni kapena sikuludiraiva, mukakanda mbale chikandocho chidzadindika pa thumba lililonse.

Zala zanu tsopano. Mashini ambiri ali ndi mabatani awiri oti mudine ndi manja onse nthawi imodzi, cholinga chake nchakuti pasakhale dzanja lotsala pansi pa mbale. Ndiye pamakhala anyamata ochenjera amene amamata batani limodzi ndi tepi kuti azithamanga, chonde inu musatengere, bonasi ya sabata siingagule chala. Nsalu ikakodwa musangozimitsa magetsi nkulowetsa dzanja, mmasilinda mumakhala mutatsala mpweya ndipo amatha kuyenda magetsi ali ozima. Tsekani mpweya, muutulutse mpaka geji ifike pa ziro, tsekaninso sitimu. Ndipo sitimu imawotcha moipa kuposa madzi owira, chifukwa ikamasanduka madzi pa khungu imatulutsa kutentha koposa kasanu kumene kumafunika kuti madzi ozizira kwambiri afike powira. Mukapsa thamangirani pa mpopi, madzi ozizira aziyenderera pamenepo mphindi 20, osapaka kolugeti, mazira kapena mafuta ophikira monga timachitira kumudzi, ndipo kalembetseni kwa a first aid tsiku lomwelo.

Ngati ndi ka fakitale kakang'ono koti boyila mumasamala nokha, yang'anani galasi loonetsa madzi musanayatse, ma element akayaka popanda madzi amapsa nthawi yomweyo. Madzi a pa mjigo kapena pachitsime ambiri amasiya zoyera zija mumaona pansi pa ketulo, mu boyila zimakuta ma element, magetsi nkumapita ambiri sitimu ili yochepa, kenako tizibenthu take nkumatseka timabowo ta mbale. Gwiritsani madzi osefedwa ndi softener, chipangizo chochotsa mmadzi zimene zimasiya zoyerazo, ngati ilipo, ndipo muzitsegula valavu ya kunsi kutaya matope monga buku la boyilayo likunenera, paipi yake italoza kotayira osati kumapazi a anthu. Safety valve ikamalira musaimange ndi waya kuti ikhale chete, ikulira chifukwa pulesha yapyola. Magetsi akathima nkubweranso, yambiraninso monga mmawa, kutulutsa madzi ndi kuyesa pa zidutswa.

Kwa atelala akumudzi amene mwalandira oda ya mashati a sukulu ndipo mashini otere simungawafikire, njira yake ndi yomweyi ndi manja. Dulani chikombole pa katoni yolimba yopyapyala kapena pa kachitsulo ka aluminiyamu mukhwekhwereze mmphepete kasakucheke, saizi ya thumba lomalizidwa. Chigonekeni kuseri kwa nsalu, pindirani mmphepete pamwamba pake ndi nsonga ya ayironi kuyambira kunsi kenako mmbali. Ngati muli ndi ayironi ya botolo lopachika mmwamba ija, monga za Silver Star, dinani sitimu kamodzi kokha, ngati ndi ya makala yalani kansalu konyowa kofinya bwino pamwamba. Mukangochotsa ayironi dindani pomwepo ndi kathabwa kosalala kopanda vanishi, ka mlombwa kamachita bwino, muwerenge mpaka faifi. Kathabwako kamamwa chinyezi nkuziziritsa mzere monga imachitira vakyumu, mukatero solani chikombole muyale thumba pambali lokhalokha mpaka lizizire, kenako muziunjika khumikhumi ndi kumanga ndi kansalu.