Zimene mungachite kuti bizinesi yanu izioneka pamwamba pa Google

Munthu akafufuza chinthu pa Google, kawirikawiri amadina chimodzi mwa zotsatira zoyambirira, ndipo ndi ochepa amene amafika patsamba lachiwiri. N'chifukwa chake malo awiri ogona alendo a ku Mangochi, ofanana mitengo ndi ukhondo, akhoza kusiyana kwambiri pa chiwerengero cha alendo, poti ena ali pamwamba pomwe enawo akwiririka pansi.

Yambani ndi kusiyanitsa malo a pa Google amene mungagule ndi amene simungagule. Zotsatira zolembedwa kuti Sponsored ndi zotsatsa zolipira, zimene zimazimiririka ndalama zikangotha. Zotsalazo Google imazisanja yokha. Pamene Larry Page ndi Sergey Brin ankayambitsa kampaniyi mu 1998, maziko ake anali njira yotchedwa PageRank, imene imawerenga linki iliyonse yochokera patsamba lina ngati voti, ndipo voti yochokera patsamba lodalirika imalemera kuposa ya tsamba losadziwika. Lero Google imayang'ana zinthu zambiri, koma mfundo imeneyi siinathe ntchito.

Kwa bizinesi yaing'ono, ntchito yoyamba ndi kulembetsa pa Google Business Profile, chimene ndi chaulere. Ikani dzina lenileni, nambala ya foni, nthawi yotsegulira ndi yotsekera, komanso chizindikiro cha malo anu pa mapu, ndipo muonetsetse kuti chaima pakhomo penipeni, osati pamsika wa pafupi, chifukwa mlendo amene wasochera usiku pamsewu wafumbi amapita kwina. Pemphani makasitomala okhutira kuti alembepo ndemanga, ndipo odandaula muziwayankha mwaulemu, popeza mayankho anu amawerengedwa ndi anthu ambiri kuposa wodandaulayo.

Kenaka lembani tsamba lanu ndi mawu amene kasitomala amalemba pofufuza. Palibe amene amafufuza "utumiki wapamwamba". Anthu amafuna kudziwa mtengo wa chipinda, mtunda wochokera ku Lilongwe, ndiponso ngati mumalandira Airtel Money kapena Mpamba. Funso lililonse likhale ndi yankho lake lomveka. Eni mabizinesi ambiri amabisa mitengo poopa anzawo opikisana nawo, koma ine ndimaona kuti amadzipweteka okha, chifukwa wopikisana nayeyo angathe kuimba foni n'kufunsa, pomwe kasitomala amangobwerera n'kudina tsamba lina.

Tsambalo liyeseni pa foni, chifukwa Google imaweruza potengera mmene limaonekera pa foni. Chepetsani kukula kwa zithunzi, poti munthu wa bandulo yochepa sadikira chithunzi chimene chikutseguka pang'onopang'ono.

Pa nkhani ya malinki m'pamene pafunika kusamala. Linki yochokera ku nyuzipepala imene yalemba za inu, ku bungwe limene muli membala, kapena kwa kampani yonyamula alendo imene mumagwira nayo ntchito, ndi yamtengo wapatali. Koma akabwera munthu wolonjeza malinki mazanamazana pa mtengo wozizira, kapena wotsimikiza kuti akuikani pa nambala wani, mukaneni. Mu 2012 Google inabweretsa kusintha kotchedwa Penguin, kumene kunagwetsa masamba ambiri odalira malinki achinyengo, ndipo kugula malinki kumaphwanyabe malamulo ake mpaka lero.

Dziwaninso kuti mwini bwaloli nayenso ndi wamalonda. Mu 2017 bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Commission linalipiritsa Google chindapusa cha mayuro 2.42 biliyoni chifukwa choika ntchito yake yofananitsa mitengo pamwamba pa za makampani ena. Choncho musadalire Google yokha. Sungani manambala a makasitomala amene avomera kuti muziwatumizira uthenga pa WhatsApp.

Pomaliza, lumikizani tsamba lanu ku Google Search Console, imenenso ndi yaulere. Imaonetsa mawu amene anthu analemba kuti akupezeni, malo amene munaonekera, ndi kuchuluka kwa amene anadina. Muziyang'anamo kamodzi pamwezi, ndipo muziyamba kukonza masamba amene akuoneka kwa anthu ambiri koma sakudinidwa.