Musatchule yankho lanu musanafunse oonerera

Kwa amene mukukonzekera mpikisano wa mafunso wotsatira ndondomeko ya Who Wants to Be a Millionaire?, umene unayamba ku Britain mu 1998, ndaona kuti ambiri amaononga mwayi wofunsa oonerera chifukwa cha pakamwa pawo.

Funso likakuvutani, khalani chete mpaka oonerera atavota. Mukangonena mokweza kuti mwina yankho ndi B, ambiri mwa amene sakudziwa kanthu amadina B pokutsanzirani, ndipo chiwerengero chooneka pa sikirini chimangokhala maganizo anu omwe akukubwererani.

Komanso funsani oonerera musanagwiritse ntchito 50:50, thandizo limene limachotsa mayankho awiri olakwika pa mayankho anayi a funso. Mayankho akadali anayi, olota amamwazikana pa onse anayiwo, pamene odziwa zenizeni amaunjikana pa limodzi, choncho yankho lolondola limaonekera bwino. Mukayamba mwachotsa awiri, olota aja amadzadza awiri otsalawo ndipo kusiyana kumachepa, mwina mpaka kukusokonezani.

Thandizo lofunsa oonerera ligwiritseni ntchito pa mafunso a mpira, nyimbo kapena mafilimu, zinthu zimene khamu limazidziwa. Pa mafunso ovuta a kumapeto, kumene ndalama zake ndi zambiri, oonerera ambiri amakhala akulota ngati inu nomwe.