Mbuzi ya bere musapite nayo kumsika

Sabata ziwiri zapitazi ndakhala ndikulawirira pamsika wa ku Bangula ndi wa ku Nchalo, ndipo zomwe ndaona zandiwawa mtima. Mbuzi zambiri zomwe zikubwera zitamangidwa pa kaliyala wa njinga ndi zazikazi, zina bere lili poonekera, mawere atayamba kale kutsika. Ukafunsa mwini wake, yankho ndi limodzi: kunyumba kulibe ufa.

Njala sindikuikana, nanenso ndimakhala konkuno. Koma tikumbutsane. Mu 2021 boma lidaika mbuzi mu pulogalamu ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo ya AIP m'malo mwa feteleza kwa mabanja 30,000 a ku Chikwawa ndi Nsanje, banja lililonse mbuzi ziwiri, mlimi n'kuperekapo kangachepe, ndalama yotsalayo kulipira boma. Mbuzizo zidali zazikazi mwadala. Idali mbewu, ndipo misoti ndi mikota yomwe muli nayo lero ndi mbewu yomweyo.

Tawerengani nokha. Mbuzi imakhala ndi bere miyezi isanu. Yodya bwino imaswa katatu pa zaka ziwiri, nthawi zina mapasa. Ndiye mukagulitsa ya bere mwapereka mbuzi ziwiri, mwina zitatu, pa mtengo wa imodzi. Mtengo wakenso uti? Mu Januwale ndi Febuluwale aliyense akugulitsa, venda ndiye amatchula mtengo, inu n'kumangovomera. Chimanga nacho ndi pamene chili pamwamba. Ndalama ya mkota wathunthu imathera pa ufa wa sabata zochepa, ndipo pofika nthawi yokolola khola lili mbee, manyowa a kudimba palibe, fizi ya mwana palibe potapa.

Chondinyansa kwambiri n'chakuti m'makola ambiri atonde alimo, akungodya ndi kumenyana. Bambo ena a kufupi ndi Ngabu ndidawapeza ndi atonde atatu, mkota atagulitsa dzulo lake. Nditawafunsa adati, "A mlangizi, wamkuluyu ndikusungira chinkhoswe cha mwana wanga, enawa ngoonda, venda adawakana. Yaikazi ija ndiyo idali yolemera." Yolemera ndi chiyani, bambo, ngati si ana ake omwe ali m'mimbamo? Chinkhoswecho tsiku lake silidadziwike n'komwe. Tisanasiyane adandipempha kuti mayina a olandira mbuzi za boma akamadzalembedwanso ndisawaiwale. Khalidwe losunga tonde pofuna kutchuka kwinaku tikudya mbewu, kenaka n'kumadikira boma libweretse ina, latikwana.

Tonde mmodzi wabwino amakwanira zazikazi zoposa 20, choncho mabanja angapo oyandikana angathe kugwiritsa ntchito mmodzi, n'kumamusintha kuti asakwere ana ake. Ana aamuna otsalawo atheneni akadali aang'ono, amanenepa msanga, ndipo muwagulitse nyengo ya Khirisimasi kapena ya Idi mitengo ili bwino, chimanga mugule chikadali chotchipa. Zikavutitsitsa kuti yaikazi ichoke basi, sankhani nkhalamba yothothoka mano kapena yomwe yatha chaka osatenga bere. Mukakayika ngati ili ndi bere, itanani mlangizi wa ziweto aione musanaimange pa njinga, ndipo akabwera mumufunsenso za mankhwala a njoka za m'mimba poti mvula yayamba.