Momwe mungasungire kope la virtual machine mosaononga zomwe zili mkati mwake

Maofesi ena pa boma la Kasungu, monga a magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama komanso a alimi a fodya, amayendetsa pulogalamu yawo yowerengera ndalama mkati mwa virtual machine, yomwe ndi kompyuta yokhala mkati mwa kompyuta ina kudzera mu pulogalamu monga VirtualBox ya Oracle, VMware kapena Hyper-V ya Microsoft. Diski ya makina oterewa imakhala fayilo yaikulu ya mtundu wa VDI, VMDK kapena VHDX, ndipo fayiloyo ikaonongeka, kaundula wa mamembala ndi ngongole zawo amatayika pamodzi.

Choyamba, zimitsani virtual machine yanu bwinobwino kuchokera mkati mwake musanakopere kalikonse. Makinawo akamagwira ntchito amakhala akulemba pa diski mosalekeza, choncho kope lotengedwa nthawi imeneyo limatha kutuluka lodukaduka ngakhale kukula kwake kukuoneka kokwanira.

Chachiwiri, musadalire snapshot, yomwe imasunga momwe makinawo alili pa nthawi inayake kuti muthe kubwererapo, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amanyengeka. Mukatenga snapshot, pulogalamuyo imasiya kulemba pa diski yoyamba n'kuyamba kulemba zosintha zonse mu fayilo ina, yomwe ilibe ntchito payokha popanda yoyambayo. Mafayilo onsewo amakhala pa hard disk imodzi, kotero diskiyo ikafa amatayika onse. Snapshot ndi yothandiza pamene mukufuna kuyesa pulogalamu yatsopano kwa kanthawi, koma mukaziunjika makina amayamba kuchedwa.

Chachitatu, tulutsani kope lathunthu. Mu VirtualBox dinani File, kenako Export Appliance, ndipo mudzapeza fayilo imodzi ya OVA yokhala ndi diski pamodzi ndi makonzedwe a makinawo. Mu Hyper-V lamulo lake ndi Export. Lembani tsiku pa dzina la fayiloyo. Ntchitoyi imatenga nthawi, choncho lumikizani kompyuta ku UPS, chipangizo cha batire chosunga magetsi, kuti magetsi akazima isadukire panjira.

Musanakopere fayiloyo pa diski yakunja, onani mtundu wa kakonzedwe ka diskiyo. Flash yokonzedwa mu FAT32 siilandira fayilo yoposa 4 GB, pomwe virtual machine nthawi zambiri imaposa pamenepo, choncho gwiritsani ntchito NTFS kapena exFAT. Popeza mkatimo muli mayina ndi ndalama za anthu, tsekani diskiyo ndi pasiwedi kudzera mu pulogalamu ya BitLocker kapena VeraCrypt.

Tsatiraninso lamulo lotchedwa 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi ofesi. Kutumiza fayilo yaikulu chonchi pa intaneti kumadya bandulo yambiri, choncho kwa ofesi yaing'ono n'kwanzeru kukhala ndi madiski awiri osinthanitsa, imodzi izisungidwa m'nyumba ina yodalirika. Mukamaliza kukopera muzichotsa diskiyo pa kompyuta, chifukwa mphenzi ya nyengo ya dzinja kapena ransomware, pulogalamu ya akuba yotseka mafayilo kuti muwalipire, imatha kuononga chilichonse chimene yachipeza chili cholumikizidwa.

Pomaliza, yesani kopelo kamodzi pamwezi. Pa kompyuta ina dinani Import Appliance mu VirtualBox, zimitsani netiweki ya makina obwezeretsedwawo kuti asalimbane ndi enieni aja, kenako yatsani ndi kutsegula kaundula, ndipo mufananitse malipiro omaliza omwe akuoneka pamenepo ndi omwe ali m'buku la malisiti.