Mmene Mungafufuzire Mbiri ya Apolisi a M'tauni ya Yunivesite: Chitsanzo cha Berkeley

Munthu wofuna kulemba mbiri ya apolisi a m'tauni yomwe inakula chifukwa cha yunivesite ayenera kuyamba ndi funso lomwe limasokoneza ambiri: kodi apolisi amene akunenedwawo ndi a yani? Ku Malawi funsoli silivuta, popeza apolisi onse ali pansi pa mkulu mmodzi wa dziko lonse, koma ku America mizinda yambiri ili ndi apolisi akeake olipidwa ndi khonsolo. Mumzinda wa Berkeley, ku California, muli apolisi a mzinda, muli apolisi a yunivesite omwe sayankha kukhonsolo, ndipo pakavuta kumabweranso apolisi a chigawo cha Alameda pamodzi ndi a boma la California. Choncho musanalembe chilichonse, tengani pepala ndi kulemba magulu onsewa payekhapayekha, ndipo pa chochitika chilichonse chomwe mwapeza muzilemba gulu lomwe linalipo komanso amene analituma.

Mukatero, pezani zaka zimene tauniyo inasintha, chifukwa apolisi sakula paokha. Yunivesite ya California inasamukira ku Berkeley mu 1873, ndipo tauniyo inakhazikitsidwa mwalamulo mu 1878. Mu 1900 kunali anthu pafupifupi 13,000, koma pofika 1910 anali atapitirira 40,000, mwa zina chifukwa cha anthu othawa chivomerezi chomwe chinasakaza San Francisco mu 1906. Ziwerengero zotere zimapezeka m'kalembera wa anthu, ndipo zimakuthandizani kumvetsa chifukwa chake tauni yomwe inkadalira alonda ochepa inafunika apolisi adongosolo. Zolemba za misonkhano ya khonsolo ndi mabajeti ake n'zosakoma kuwerenga, komabe m'menemo ndi momwe muona amene anapempha ndalama, amene anakana, ndi chimene chinagulidwa.

Pafupifupi nthambi iliyonse ya apolisi ili ndi munthu mmodzi amene imamutama kuti ndiye tate wake, ndipo apa ndi pofunika kuchedwapo. Ku Berkeley munthuyo ndi August Vollmer, yemwe anabadwa mu 1876, anamenya nawo nkhondo ku Philippines, nagwirapo ntchito yopereka makalata, mpaka anthu anamusankha kukhala woyang'anira chitetezo cha tauniyo mu 1905. Mu 1909 anakhala mkulu wa apolisi, ndipo kupatula kanthawi komwe anakatsogolera apolisi a ku Los Angeles kuyambira 1923 mpaka 1924, anakhala pa udindowu kufikira 1932. Anakweza apolisi ake panjinga, kenako pagalimoto, anakonza kasungidwe ka kaundula wa milandu, ndipo mu 1908 anayambitsa sukulu ya apolisi. Chimene chimasiyanitsa nkhani yake ndi ya mizinda ina n'chakuti yunivesite inali pakhomo: aphunzitsi a kumeneko ankaphunzitsa apolisi ake, mu 1916 yunivesite inayamba maphunziro okhudza umbanda, ndipo iye ankalemba ntchito ophunzira. Mmodzi mwa iwo anali Walter Gordon, wapolisi woyamba wachikuda mumzindawo, yemwe pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa zilumba za Virgin Islands za America. Wina anali O. W. Wilson, amene anadzatsogolera apolisi a ku Chicago mu 1960. John Larson, yemwe anali ndi digiri ya udokotala wa sayansi, anakonza makina oyesera bodza ali wapolisi wa ku Berkeley mu 1921.

Zonsezi n'zoona ndipo n'zoyenera kulembedwa, koma wofufuza wabwino sasiyira pomwe apolisi eniake amasiyira. Makalata a Vollmer amasungidwa ku laibulale ya Bancroft pa yunivesite yomweyo, ndipo zolemba zotere muziwerenga ndi mafunso anuanu. Funsani zimene anaphunzira ku nkhondo ya ku Philippines zomwe anadzazigwiritsa ntchito pa anthu wamba. Funsaninso za maganizo omwe anali ofala pakati pa akatswiri a maphunziro a nthawiyo, akuti umbanda umayenda m'magazi a anthu ena, omwe iyenso anawatsatira. Ine ndimaona kuti mbiri yongotamanda munthu wotere imamuchepetsa, chifukwa imabisa kulemera kwa zimene anasiyira apolisi a dziko lonselo, zabwino ndi zoipa zomwe.

Kenako fufuzani nthawi zimene apolisi ndi ophunzira anayang'anizana, ndipo apa ndi pomwe pepala lanu la magulu lija ligwire ntchito. Pa 1 Okutobala 1964, Jack Weinberg, yemwe kale anali wophunzira pa yunivesiteyo, anamangidwa pabwalo la yunivesite lotchedwa Sproul chifukwa choyika tebulo la ndale popanda chilolezo, ndipo ophunzira anazinga galimoto ya apolisi kwa maola pafupifupi 32. Amene anamumanga anali apolisi a yunivesite. Mu Disembala chaka chomwecho anthu pafupifupi 800 anamangidwa atakana kutuluka m'nyumba ya maofesi a yunivesite yotchedwa Sproul Hall. Pa 15 Meyi 1969, pa mkangano wa malo a yunivesite omwe anthu anawasandutsa paki yotchedwa People's Park, munthu wina dzina lake James Rector anawomberedwa ndipo anamwalira patapita masiku ochepa. Owombera anali apolisi a chigawo cha Alameda, ndipo bwanamkubwa wa California wa nthawiyo, Ronald Reagan, anatumiza asilikali a National Guard mumzindawo. Wolemba amene angonena kuti apolisi a ku Berkeley anachita zonsezi amakhala atalakwira choonadi, komanso atalakwira munthu amene anafayo, popeza wabisa amene ayenera kuyankha.

Pa zochitika zotere musadalire nyuzipepala imodzi. Ikani pamodzi zimene inalemba Berkeley Daily Gazette, yomwe inali nyuzipepala ya tauniyo, zimene inalemba Daily Californian ya ophunzira, ndi za Berkeley Barb yomwe inali kumbali ya ochita zionetsero, pa tsiku limodzimodzilo. Pomwe zikugwirizana, mwina mwapeza zolimba. Pomwe zikusiyana, lembani kusiyanako m'malo mosankha mbali mwakachetechete, ndipo yang'anani ngati pali zolemba za kukhoti, chifukwa kumeneko mboni zimalankhula zitalumbira.

Anthu amoyo nawonso ndi gwero, makamaka apolisi opuma ntchito, eni masitolo a mumsewu wa pafupi ndi yunivesite wotchedwa Telegraph Avenue, ndi okhala m'madera a kumwera ndi kumadzulo kwa mzindawo komwe kunkakhala anthu ambiri achikuda, omwe nkhani yawo ndi apolisi sinadalire kalendala ya yunivesite. Pemphani chilolezo musanajambule mawu awo, gwirizanani ngati dzina lawo litchulidwe, ndipo tsiku lililonse lomwe atchula mulitsimikize m'zolembedwa, pakuti munthu amakumbukira bwino mantha a tsikulo kuposa deti yake.

Musaiwale kufufuza amene amayang'anira apolisiwo. Mu 1973 anthu a ku Berkeley anavota kuti pakhale bungwe la anthu wamba lomva madandaulo, lotchedwa Police Review Commission, ndipo mu 2020 anavotanso kuti lilowedwe m'malo ndi Police Accountability Board. Malipoti a mabungwe otere amasonyeza madandaulo omwe ankabwera, zimene apolisi ankayankha, ndi malamulo omwe anasintha chifukwa cha zimenezo, motero muwapemphe ku ofesi ya mlembi wa mzinda pamodzi ndi zolemba za khonsolo za zaka zomwezo.