Dothi la dimba lanu likuthera ku Nkula

Sabata yathayi ndinayenda m'mphepete mwa Rivirivi cha ku Utale, ndipo ndabwerako mtima uli phuu. Madimba afika m'madzi mwenimweni. Bango adatentha, nsenjere adazula, tomato ndi mpiru zili pagombe penipeni. Mvula yoyamba ikangogwa, gombe limenelo ligumuka.

Ena mumayesa dothi likakokoloka ndiye nkhani yatha. Rivirivi amathira mu Shire, ndipo Shire amalisenza dothilo mpaka ku Nkula, komwe makina opanga magetsi adayamba kugwira ntchito mu 1966. Mu 1965 adali atamanga kale Kamuzu Barrage ku Liwonde, yomwe zitseko zake zimasunga madzi a m'nyanja ndi kuwatulutsa mwamuyezo kuti Shire asaphwe m'chilimwe. Koma tamverani bwino: zitsekozo zili kumtunda, matope a Rivirivi amalowera kumunsi. Palibe chowatchinga. Akafika padamu la ku Nkula pomwe madzi amadekha, amakhazikika pansi, damu n'kumakwiririka, madzi osungika n'kumachepa, mchenga n'kumapala makina. Otsala amapitirira ku Tedzani ndi ku Kapichira. A EGENCO, kampani yopanga magetsi, amakhalira kuvuula matope ndi makina okwera mtengo, ife tikuthiramo ena ndi khasu. Kenako magetsi akazima, chigayo chikaima, ndife tomwe timayamba kutukwana.

Nanga nthaka yachondeyo ibwerera? Yapita imeneyo, pamodzi ndi feteleza amene mudagula pangongole.

Bambo wina nditamufunsa anandiyankha kuti, "Alangizi, agogo anga ankalima pompano." Ndinati andionetse pomwe ankalimapo. Anayang'anayang'ana, n'kuloza pakati pa mtsinje pomwe ana ankasambira, ndipo tonse tinaseka. Koma chaka chatha munthu yemweyu mizere yake inayi ya tomato idagwera m'madzi usiku umodzi, ndipo chaka chino walimanso mpaka pa phompho. Zoti "makolo ankatero" zanditopetsa ine. Makolowo ankasiya bango, mitengo ya mikuyu ili chiimire m'gombe.

Chochita mukuchidziwa kale. Bwererani m'mbuyo masitepe khumi ndi asanu kuchoka pagombe, pamenepo khasu lisagunde. Bzalanipo vetiva, nsenjere kapena nsungwi mvula ikangoyamba, ndipo moto ndi mbuzi zisafikepo. Madzi othirira tungani ndi kheni kapena pampu, dimba lisatsate mtsinje. Kumunda wakumtunda akalozera (mizere ikuluikulu yopingasa malo otsetsereka) ndi ngonyeka (timizere totsekera madzi pakati pa mizere) musaiwale. Mbewu ya vetiva kafunseni kwa mlangizi wa dera lanu mwezi uno.